Za Anamgumi Otsakamira pa Mchenga ndi Nsomba Zotsalira m'Maiwe a Bwanje

Phunziro la lero liyambira kutali, ku nyanja yamchere imene ambiri a ife sitidaione ndi maso, koma likathera pafupi, pa maiwe a mtsinje wa Bwanje kumene ana athu apita ndi miono m'mwezi wa Okutobala. Tsono musaike nyuzi ino pansi ndi kunena kuti za anamgumi n'za anthu a ku Beira ndi ku Nacala. Lezani mtima, tiyendere limodzi.

KU BAZARUTO

M'mwezi wa Febuluwale chaka cha 2021, pa chilumba cha Bazaruto, m'chigawo cha Inhambane ku Mozambique, alonda a malo osungirako zachilengedwe adapeza nyama za m'nyanja zotchedwa dolphin ziri ngundangunda pa mchenga. Poziwerenga, zakufa zonse zidakwana 111. Masiku omwewo kudali kutangodutsa namondwe wotchedwa Guambe, ndipo ambiri adaganiza kuti ndiye adasokoneza nyamazo nazifikitsa pa madzi osaya. Alonda aja sadangokumba dzenje ndi kukwirira ai. Adayamba aziwerenga, natumbula zina kuti aone chiwindi ndi matumbo, natumiza tizidutswa ta mnofu kwa akatswiri ku Maputo.

Tiyenera kudziwa poyamba kuti dolphin ndi namgumi si nsomba, ngakhale thupi lao lioneka ngati la nsomba. Ndi nyama zoyamwitsa monga ng'ombe ndi mvuu. Zibala ana amoyo, ziwayamwitsa mkaka, ndipo magazi ao ndi ofunda. Zipuma ndi mapapo ngati ife, potulukira pamwamba pa madzi, ndipo mphuno zao ziri pamwamba pa mutu.

Wina afunsa kuti, Ngati nyamayo ipuma mpweya, nanga iferanji pa mtunda pamene mpweya uli wochuluka? Funsoli ndi la nzeru. M'madzi thupi lolemera lija linyamulidwa ndi madzi omwewo, monga umo mwana akankhira chipika chachikulu chikakhala choyandama. Pa mchenga palibe chonyamula. Kulemera kwake kupsinja mapapo ndi minofu, ndipo magazi sayendanso bwino. Palinso kutentha. Pansi pa khungu pali mafuta ochindikala amene aiteteza ku kuzizira kwa nyanja. Koma pa dzuwa mafuta omwewo asanduka bulangeti lofunditsa munthu masana a chilimwe. Khungu liuma ndi kusupuka. Ndipo madzi akabweranso, nyama yogona chammbali imira isanathe kudzuka, pakuti madzi alowa m'mphuno mwake.

Nanga ifika bwanji pa mchengapo? Nyanja yathu ya Malawi ikwera ndi kutsika potsata mvula ya chaka, koma nyanja yamchere idzaza ndi kuphwera kawiri pa tsiku chifukwa cha mphamvu ya mwezi yokoka madzi. Pamene m'mawa padali madzi omiza munthu, masana pangokhala mchenga. Tsono zambiri mwa nyamazi zipeza njira ndi makutu monga mleme: zitulutsa kaphokoso ndi kumvera m'mene kabwerera katagunda chinthu. Pa gombe la miyala kabwerera msanga. Pa gombe la mchenga lotsetsereka pang'onopang'ono sikabwerera bwino, ndipo nyama iyesa kuti kutsogolo nyanja ikali yozama. Kuli malo otere ku New Zealand otchedwa Farewell Spit, kumene mu Febuluwale 2017 anamgumi oposa 600 adatsakamira pa masiku owerengeka okha. Kuchuluka kumeneku kubwera chifukwa mtundu umenewu uyenda m'magulu ndipo sutayana. Mmodzi akadwala nalowera ku mtunda, anzake amtsata, nafera pamodzi naye.

KUPULUMUTSA KUFUNA NZERU

Anthu a m'maiko amenewo adaphunzira nchito yopulumutsa nyamazi, ndipo adaiphunzira polakwitsa kambiri. Lero adziwa kuti namgumi wotsakamira sakokedwa mchira, pakuti msana ubvulala. Amuimika bwino chafufumimba, akumba timaenje m'mbali kuti zipsepse zisathyoke, amfunditsa nsalu zonyowa, namthira madzi kosalekeza, koma osathira m'mphuno. Kenaka adikira nyanja idzaze. Ikadzaza samkankha msanga ai. Amgwira m'madzi namgwedeza pang'onopang'ono mpaka dzanzi litatha, ndipo ayesetsa kumasula gulu lonse nthawi imodzi, chifukwa womasulidwa yekha abwerera kukafuna anzake. Mu Seputembala 2020, pa Macquarie Harbour ku chilumba cha Tasmania, anamgumi pafupifupi 470 adatsakamira. Anthu adagwira nchito masiku angapo m'madzi ozizira, nawamangirira m'mbali mwa maboti ndi kuwaperekeza kozama. Adapulumutsa opitirira 100. Otsalawo adafa.

Ku Kommetjie, pafupi ndi Cape Town, zidayenda mwa mtundu wina. M'mwezi wa Meyi 2009 anamgumi 55 adagwa pa gombe, ndipo khamu lalikulu la anthu lidathamangira komweko ndi mtima wabwino ndithu. Adawakankhira m'madzi, koma mafunde adali aukali, ndipo anamgumiwo adabwerera ku mchenga kawirikawiri. Madzulo akuluakulu a boma adawombera ambiri mwa iwo ndi mfuti kuti aleke kuzunzika, anthu akulira. Sindikuweruza anthu amenewo. Ndingoti chifundo chokha sichidakwanire tsiku limenelo.

Tsono pali nchito yachiwiri, yosaoneka bwino m'maso ndiponso yonunkha, imene ine ndiyesa kuti ipambana yoyamba ija: kuphunzira pa nyama zakufazo. Nyama zimenezi zikhala kumene munthu sangazitsate, ndipo yakufa pa gombe iri ngati kalata yochokera pansi pa nyanja. Ku London kuli nyumba yosungiramo zinthu zachilengedwe, Natural History Museum, imene idayamba m'chaka cha 1913 kulemba namgumi ndi dolphin aliyense wopezeka pa magombe a Britain: tsiku, malo, mtundu ndi utali wake. Kuyambira 1990 madokotala a ziweto a kumeneko akhala akutumbula mitemboyo mwadongosolo, ndipo ndimo mudaonekera poyera kuti zambiri zifa zitakodwa m'maukonde a asodzi. Mu Malichi 2019, ku Philippines, adatumbula namgumi mmodzi napeza m'mimba mwake mapulasitiki olemera makilogalamu 40. Akadangomkwirira, kapena kumgawana ngati ndiwo, palibe akadadziwa chimene chidamupha.

Nanga ife a ku Sharpevale zitikhudza bwanji? Njanji yodutsa pano, imene idafika ku Salima mu 1935, ikatsika mpaka ku Nkaya ikumana ndi ina yopita ku Nacala, ndipo nyanja yamchere iri ku mapeto kwake, makilomita mazanamazana. Namgumi sadzagona pa khomo pathu. Koma zamoyo za m'madzi zotsalira pamene madzi athawa tiri nazo chaka ndi chaka, ndipo dziko lathu lino lidaona kutsakamira kwakukulu koposa kwa ku Tasmania. Kudachitika ku Chilwa.

PAMENE NYANJA YA CHILWA IDAUMA

Nyanja ya Chilwa, imene igundana ndi maboma a Zomba, Machinga ndi Phalombe, ndi yosaya, ndipo iribe mtsinje wotulutsa madzi. Ilandira madzi kwa Domasi, Likangala, Thondwe, Phalombe, Sombani ndi mitsinje ina, niwataya kwa dzuwa basi. Pa zaka zabwino yakhala ikupereka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anai a nsomba zonse zogwidwa m'Malawi, makamaka matemba, makumba ndi milamba. Koma mvula ikachepa zaka ziwiri kapena zitatu zotsatizana, nyanjayo ibwerera m'mbuyo mpaka kutha.

Mu 1966 aphunzitsi a pa Yunivesite ya Malawi, imene idali itangoyamba kumene, adayamba kafukufuku pa nyanja imeneyi. Mtsogoleri wao adali mai Margaret Kalk, amene adaphunzira nchitoyi m'mbali mwa nyanja yamchere, pa chilumba cha Inhaca pafupi ndi Maputo. Zidangochitika kuti patapita zaka ziwiri, mu 1968, nyanja idauma iwo akuona. Sadalongedze katundu ndi kunena kuti nchito yatha ai. Adapitiriza kuyesa madzi otsala, kuwerenga nsomba zakufa ndi kutsata zamoyo kumene zidathawira, ndipo zimene adapeza pa zaka khumi zidatuluka m'buku mu 1979.

Adaona kuti madzi akamachepa, mchere wa m'menemo uchuluka, matope abvunduka ndi mphepo, ndipo mpweya umene nsomba zipuma m'madzi uchepa. Nsomba zosawerengeka zidafera pa matope. Koma sizidafe zonse. Zina zidakwera m'mitsinje ija, nizibisala m'maiwe ozama ndi m'madambo a m'mathiriro. Mvula itagwa yambiri mu 1969 nyanja idadzazanso, ndipo nsomba zobisala zija zidatsika niziswana. Milamba ndi matemba ndiwo adayamba kuchuluka, makumba adachedwerapo; koma patapita zaka zowerengeka asodzi adabwerera ku mabwato ao. Taonani tsono: nyanja yonse ija, yodyetsa maboma atatu ndi misika ya ku Blantyre, idali itasungidwa m'maiwe ochepa, oti mwana angathe kuponya mwala kutsidya lake.

Nzeru imeneyi idagwira nchito pamene nyanja idaumanso mu 1995. A nthambi ya boma yoona za nsomba adakhala pansi ndi mafumu a m'mbali mwa nyanja ndi mwa mitsinje, nagwirizana kuti maiwe othawiramo nsomba atetezedwe. Adaletsa kuthiramo katupe ndi kukokamo makoka, nakhazikitsa makomiti a m'midzi oti aziyang'anira. Idali nthawi ya njala ya ndiwo, ndipo kuletsa munthu nsomba imene akuiona ndi maso si chinthu chapafupi. Koma madzi atabwera, nsomba zidabweranso. Mu 2018 mabwato adakhalanso pa matope ong'ambika pa doko la Kachulu, ndipo pambuyo pake nyanja idadzazanso. Chilwa ndi wotero. Adzaumanso, ndipo moyo wake udzadaliranso maiwe omwewo.

MAIWE A KWATHU

Tibwerere kwathu. Bwanje atsika kuchokera ku mapiri a ku Ntcheu, nadutsa m'chigwa chathu chino, nakathira m'nyanja ya Malawi. Mvula ikagwa, nsomba zikwera kuchokera kumunsi kudzaikira mazira m'udzu womizidwa. Madzi asefukira m'madambo ndi m'minda, ndipo tiana ta nsomba tikulira m'menemo, pakuti muli chakudya chambiri ndi pobisala. Mwezi wa Epulo ndi Meyi madzi ayamba kubwerera. Nsomba zina zitsika nao, zina zitsekeredwa. Pofika Seputembala timitsinje tambiri tasanduka mchenga wokhala ndi madzi apa ndi apo. Ndipo pano ndipo tifunika kusiyanitsa, monga asiyanitsa anzathu a ku nyanja yamchere pakati pa namgumi woti apulumuka ndi woti sapulumuka. Pali dziwe lozama, la mthunzi, limene lisunga madzi mpaka mvula. Palinso chithaphwi cha m'munda kapena cha m'mbali mwa mseu, chimene chiuma ndithu dzinja lisanafike. Ziwirizi sizifuna chisamaliro chofanana.

Dziwe lozama ndilo nkhokwe ya mbeu. Palibe mai wanzeru amene akazinga chimanga chimene adapachika pa utsi kuti adzabzale, ngakhale ana alire chotani. Nsomba za m'dziwe lotere m'mwezi wa Okutobala ziri chimodzimodzi. Zambiri mimba zao zadzaza kale mazira, zingodikira madzi oyamba. Mlamba mmodzi wamkazi wokula bwino aikira mazira zikwi makumimakumi. Wopha mlamba wotere ndi mbedza wachotsa mmodzi, ndipo dziwe lipirira. Koma wosinja katupe nathira m'dziwe wapha zonse: zazikulu, tating'ono tosayenera ndi kuika mu mphika momwe, achule, nkhanu, ndi tizilombo timene nsombazo zidya. Atola dengu limodzi kapena awiri, zotsalazo zibvunda. Choipa koposa ndi kuthiramo mankhwala opopera thonje kapena ndiwo zamasamba, pakuti madzi omwewo amwa ng'ombe, achapira amai, asambamo ana, ndipo nsomba yakufa ndi mankhwala ikathera m'mimba mwa munthu. Lamulo la usodzi la chaka cha 1997 lidaletsa kale kupha nsomba ndi poizoni. Koma wapolisi sangagone pa dziwe lirilonse. Masikito nawonso, amene tidalandira kuti atiteteze ku udzudzu, akalowa m'dziwe sasiya kanthu, ndi mazira omwe.

Ndidziwa chimene ena a inu mukunena mumtima. Mukuti, Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ndikasiya ine, mnzanga wa tsidya lija adzathira katupe usiku, ndipo ine ndidzagona ndi nsima yopanda ndiwo. Mau amenewa ndi oona, ndipo wokhuta asawapeputse. Ndicho chifukwa chake nkhani iyi siitheka ndi munthu mmodzi. Ku Chilwa idatheka chifukwa mafumu a mbali zonse za mtsinje adapangana pamodzi. Ku chilumba cha Mbenji ku Salima, mafumu a banja la Makanjira akhala akutseka usodzi m'miyezi ya dzinja kuyambira zaka za m'ma 1950, ndipo asodzi ochokera kutali amvera, chifukwa aona kuti nsomba ziripo potsegulira. Palibe chimene chiletsa midzi iwiri yoyang'anana pa Bwanje kusankha maiwe awiri kapena atatu ozama ndi kunena kuti, Muno mbedza yokha, kuyambira Ogasiti mpaka madzi atayenda.

Wokayika afunse akuluakulu za nchila. M'zaka za m'ma 1950 nsomba imeneyi idali pakati pa zogwidwa kwambiri m'nyanja ya Malawi, yotsatana ndi chambo. Iyo ikwera m'mitsinje kukaswana, ndipo anthu adaidikira komweko ndi mabiyo ndi miono, naigwira isanaikire mazira. Pamodzi ndi matope amene adakwirira malo ake oswanirana, izi zidaitsitsa, kotero kuti lero achinyamata ambiri angoimva dzina. Mpasa, umene ukwera m'mitsinje monga Bua ndi Linthipe, uli pa njira yomweyo.

Za matopezo ndinene pang'ono. Dziwe lozama likumbidwa ndi madzi othamanga, nilisungidwa ndi mizu ya mitengo ndi bango za m'mbali mwake. Mitengo ya ku mapiri ikatha ndi makala, ndipo khasu likafika pa mlomo weniweni wa mtsinje, dothi litsika lonse ndi kudzaza maiwe. Aliyense wa zaka makumi asanu angathe kuloza pamene adaphunzirira kusambira ali mwana, pamene lero mbuzi ziyenda pouma. Dziwe likakwiririka, palibenso pangano la mafumu limene lingasunge nsomba.

Tsono za chithaphwi chija choti chiuma ndithu. M'menemo nsomba zatsakamira zenizeni, monga anamgumi a ku Tasmania. Zazikulu idyani, palibe mlandu, pakuti mukazisiya adya ndi akakowa. Koma tiana, timene tichuluka zikwizikwi m'chithaphwi chimodzi, tingathe kupulumutsidwa. Nchito imeneyi si yachilendo pa dziko. Ku America, m'mbali mwa mtsinje waukulu wa Mississippi, kuyambira zaka za m'ma 1870 mpaka za m'ma 1930, boma lidali ndi magulu a anthu amene nchito yao idali kuwola nsomba zotsalira m'zithaphwi madzi osefukira ataphwa ndi kuzibwezera mu mtsinje, ndipo adabweza mamiliyoni ambiri.

Kachitidwe kake ndi aka. Pitani m'mamawa dzuwa lisanatenthe, pakuti nsomba yotopa ndi kutentha ifa pa njira. Tungani madzi a m'chithaphwi momwemo musanawabvundule, muike m'ndowa yoyera imene simudasungiremo sopo, mafuta kapena mankhwala a m'munda. Wolani tianato ndi dengu kapena chisefa, osatigwira ndi manja ouma, chifukwa thelezi la pa thupi la nsomba ndilo chobvala chake choitchinjiriza ku matenda. Musadzaze ndowa, tochepa tofika tamoyo tipambana tambiri tofika takufa. Phimbani ndi masamba, yendani msanga. Pofika pa dziwe musakhuthule mwadzidzidzi, koma muyambe mwathira madzi a m'dziwemo pang'onopang'ono m'ndowa kuti kuzizira kufanane, kenaka mupendeketse ndowayo tituluke tokha. Ana asapite okha. M'madzi oima muli likodzo, ndipo kumunsi kwa mtsinje ng'ona siisowa.

Milamba ing'onoing'ono ipirira ulendo wotere koposa zinzake. Mlamba uli ndi chiwalo china m'mutu, chonga kamtengo ka nthambi zambiri, chimene upumira mpweya wa kunja. Ndicho chifukwa chake ukhala wamoyo m'matope okhaokha, ndipo usiku wa mame kapena wa mvula utha kukwawa pa udzu kufuna madzi ena. Matemba ndi makumba alibe chiwalo chimenechi. Yambani ndi iwo.

Chinthu chimodzi ndichiletsa kolimba, ndipo aphunzitsi achibwereze pophunzitsa: nsomba ibwezedwe mu mtsinje wake womwewo, osati kunyamulidwa kupita ku mtsinje wina kapena ku damu la munthu wa kutali. Mu Julayi 2020 ku Mchinji kudabuka matenda a zilonda za nsomba, amene adayamba kuoneka mu Africa pa mitsinje ya Chobe ndi Zambezi cha m'ma 2006. Ayamba ndi kanthu konga nkhungu kamene kalowa m'mnofu wa nsomba ndi kuboola zilonda zofiira. Adafalikira ku maboma ena oyandikana nao, ndipo boma lidaletsa kunyamula nsomba kuchokera ku madera okhudzidwa. Matenda otere ayenda ndi nsomba yamoyo, ndi madzi a m'ndowa, ndi ukonde wonyowa. Munthu wa mtima wabwino angathe kupha mtsinje wonse ndi ndowa imodzi. Nsomba ya chilonda isapulumutsidwe konse.

Ndiponso si chamoyo chirichonse chotsalira m'chithaphwi chimene chifuna thandizo lathu. M'zithaphwi za m'chigwa cha nyanja muli kansomba kakang'ono ngati chala, kamene katonde kake kali ndi maanga ofiira okongola. Ka ku Chilwa akatswiri adakalemba m'mabuku mu 1969 ndi dzina lakuti Nothobranchius kirki, ndipo mbale wake wa m'chigwa cha ku Salima adalandira dzina lakelake mu 2013, Nothobranchius wattersi. Kansomba aka kakhala moyo dzinja limodzi lokha. Kakula msanga, kaikira mazira m'matope, nikafa madzi akauma. Mazira aja agona m'dothi louma chilimwe chonse, ndipo mvula ikadzaza chithaphwi aswa. Ndiko kuyankha kwa funso limene ana afunsa kawirikawiri, lakuti nsomba zichokera kuti m'chithaphwi chosalumikizana ndi mtsinje; sizigwa ndi mvula ai. Mbale wina wa tinsomba timeneti, wa ku Zimbabwe ndi Mozambique, akuwetedwa lero m'mayunivesite a ku Ulaya ndi America ndi anthu ofufuza za ukalamba, popeza kakalamba pa miyezi yochepa. Kansomba kotere mukakanyamulira ku dziwe lozama mwangokapereka kwa milamba. Chimene kafuna ndi chakuti dothi la chithaphwi chake lisaumbidwe njerwa lonse. Akulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

KABUKU KA MTSINJE

Kwatsala nchito ya kulemba, ndipo pano ndilankhula makamaka ndi inu akatekisiti ndi aphunzitsi, amene mudazolowera kusunga kaundula ndi kulemba masiku molondola. Zimene adziwa a ku London adazidziwa chifukwa alonda a m'magombe, anthu wamba, adatumiza mau nthawi iriyonse pamene adaona nyama pa mchenga, zaka zoposa zana limodzi. Mtsinje wonga Bwanje ulibe mlembi wotere. Kabuku ka ana a sukulu kakwanira. Lembani dzina la dziwe lirilonse monga alitchula eni mudzi, mwezi umene mtsinje udaleka kuyenda, maiwe amene adafika ku mvula ali ndi madzi ndi amene adauma, mitundu ya nsomba zimene zidagwidwa, ndi tsiku limene madzi oyamba adatsika. Funsani agogo maina a nsomba zimene adadya kale, ndi maiwe amene adatha. Lembani zimenezonso, pakuti iwo akapita apita nazo. Chaka choyamba kabukuko kadzaoneka kopanda pake. Chaka chachisanu kadzayamba kulankhula, ndipo mfumu yofuna kusankha maiwe otetezedwa idzakhala ndi poyambira.

Koposa zonse lembani pamene nsomba zafa zambiri nthawi imodzi. Chifukwa chake sichikhala chimodzi. Mwina ndi katupe kapena mankhwala. Mwina ndi matenda. Mwina madzi oyamba a mvula atsika ndi phulusa la lupsa ndi zinyalala zimene zimaliza mpweya wa m'madzi. Ngakhale ku nyanja yaikulu zichitika: pansi pake, kupitirira mamita ngati 250, madzi alibe mpweya, ndipo mwera ukaomba kolimba madzi amenewo nthawi zina akwera napha nsomba, zimene mafunde azitaya pa gombe. Kuti mlangizi asiyanitse zifukwa zimenezi afunika kudziwa zinthu zimene ziiwalika msanga: kodi zafa za mtundu umodzi kapena mitundu yonse, zazikulu zokha kapena ndi tating'ono tomwe, achule ndi nkhanu afa nao kapena iai, madzi asintha mtundu kapena fungo, pa thupi pali zilonda kapena palibe.

Nsomba zotere musadye, musagulitse, musapatse agalu kapena nkhumba. Sankhani ziwiri kapena zitatu zongofa kumene, kapena zimene zikali kupuma, muzikulunge m'pepala la pulasitiki loyera, chirichonse pachokha, ndi kuziika pozizira. Tungani madzi a pamalopo m'botolo lotsukidwa bwino. Wokhala ndi foni yojambula ajambule dziwe ndi nsombazo, mbali zonse ziwiri. Zotsala zikwiriridwe m'dzenje lakuya kutali ndi mtsinje, ndipo miono ndi maukonde zimene zidalowa m'madzimo ziyanikidwe pa dzuwa mpaka kuumiratu zisanalowe m'madzi ena. Dziwitsani mfumu, ndipo tsiku lomwelo mau afike kwa mlangizi wa za nsomba kapena wa zaulimi wa dera lanu, kapena ku maofesi a boma ku Ntcheu, pakuti ndi kutentha kwa m'chigwa chathu chino nsomba ya dzulo siuzanso dokotala kanthu.